Mmene Ndinatsekera Agogo Anu Pakamwa ndi Kamomila

Tadala wandibweretsera kabokosi kuchokera ku Limbe, akuti ndizimwa madzulo kuti ndizigona bwino. Wandiwerengeranso zolembedwa pamwamba pake, pang'onopang'ono ndi mokweza mawu, poganiza kuti ukalamba unanditengera makutu pamodzi ndi mano. Zikomo mwanawe. Koma ndang'amba kathumba kamodzi n'kununkhiza, ndipo ndikuuzeni ana inu, kameneka ndi kamomila, ndipo ine ndinkakalima amayi ako Tadala asanabadwe. Chimene akugulitsani m'sitolomo ndi fumbi lotsala posesa. Khalani pansi, nawenso Chikondi ika foniyo m'thumba, chifukwa pakanapanda timaluwa timeneti ena mwa inu simukanabadwa n'komwe.

Agogo anu aamuna, a Nakoma, inu munawapeza ali munthu wa phee, wongokhala pakhonde n'kumasenda chinangwa. Mukawapatsa moni ankayankha ndi mutu. Mwina mumati anabadwa choncho. Ayi ndithu. Munthu uja ine ndinakwatiwa naye chifukwa cha pakamwa, poti china analibe. Anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno atanyamula mphasa ndi mpeni wodulira tiyi basi. Amayi anga atafunsa kuti katundu wina akubwera liti, iwo anayankha kuti wotsalayo ndi njala, ndipo ikubwera yokha pambuyo. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, ukwati n'kutheka.

Tonse tinkagwira ntchito pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Limbuli. Ine ndinkatchola, dengu kumsana kuyambira mame asanaume, iwo ankadulira mitengo m'nyengo yozizira. Anali ndi mnzawo wa pamtima dzina lake Wisikesi, wamtali, wa mano otalikirana, ndipo ankaitanana kuti alamu ngakhale panalibe chibale. Awiriwa akakumana, wina ankaponya mawu, wina n'kuwakha asanagwe pansi. Ankatsanzira kayendedwe ka kapitawo kapitawoyo ali pompo. Ngakhale pamaliro anthu ankawakhazika motalikirana, kuopa kuti anamfedwa angaseke.

Tsono nthawi imeneyo pakamwa potero panali ngati mbuzi yopanda chingwe pafupi ndi munda wa eni. Inu lero mumatukwana atsogoleri pa foni muli chigonere, mukatero n'kupempha tiyi. Ife chipani chinali chimodzi, ndipo mwini dziko anali mmodzi, mkulu uja woyenda ndi litchowa m'manja. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Mkuluyo akamabwera kuboma, amayife ankatikweza m'malole a esiteti kukamuvinira, ndipo tinkavina mokondwa kwambiri chifukwa anyamata a malaya ofiira ankayang'ana amene sakukondwa. Munthu akalankhula mokhota ankabwera kudzamutenga pa landirova. Abale ake sankafunsa kumene wapita, ndipo ena ankafika posintha njira kuti asadutse pakhomo pake.

Chaka china anatiuza kuti nyumba iliyonse ipereke mazira a mphatso ya mwini dziko. Tinapereka mwa kufuna kwathu, monga mmene tinkachitira zonse. Mazira anadzaza madengu pabwalo la sukulu. Loweruka lake agogo anu ali pa masese kumsika wa Limbuli, chipanda chili m'manja, anafunsa anzawo kuti, "Koma abale, munthu mmodzi mazira onse aja, m'mimba mwake mumatuluka mpweya wotani?"

Wisikesi sanachedwe. "N'chifukwa chake sasiyana ndi litchowa, alamu. Inu mumati amaingitsa ntchentche zokha?"

Akuti anthu anaseka mpaka ena kutsamwa, kenaka anakumbukira kumene ali, n'kuyamba kuchoka mmodzimmodzi. Anandiuza zimenezi ndi mayi wofulula mowayo, mamawa tikupita kotunga madzi, akunong'ona ngati akundiuza za maliro. Ndinali ndi mwana mmodzi yekha, Falesi, azakhali anu aakulu aja, ndipo ndinaona umasiye ukundiyang'ana.

Nditafika kunyumba ndinagwada. Ndinati, "Bambo a Falesi, akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Mlomo wanu mwausiya ku Limbuli. Mukufuna mwanayu adzakudziweni pa chithunzi?"

Iwo anati, "Chithunzi chake chiti, amake Falesi? Ndi liti ndinajambulitsa ine?" Ndipo anaseka. Ine sindinaseke. Kuyambira pamenepo tulo tinandithawa. Galimoto iliyonse yodutsa mumsewu wa esiteti inkandidzidzimutsa, ngakhale thirakitala yonyamula masamba. Ndinaonda mpaka anthu ankandifunsa ngati ndili ndi njoka za m'mimba.

Apa ndi pamene panalowera msuweni wanga Elube, amene ankalera ana kunyumba kwa bwana wamkulu wa esiteti. Bwana ameneyu tinkamutcha Napolo, chifukwa akadutsa m'munda ankasiya anthu atagwa uku ndi uku. Ankakalipa mpaka khosi kufiira. Koma Elube anatiuza kuti Napolo yemweyo akafika pakhomo pake ankavula nsapato panja, n'kunyamula kheni kumathirira maluwa a mkazi wake, akuyankha kuti inde, inde. Dona wakeyo anali Mpwitikizi wa kutsidya, ku Milanje, kamunthu kochepa thupi. Ndipo madzulo alionse khukhi wa pamenepo, che Saidi, ankawiritsa madzi n'kuthiramo timaluwa touma, dona n'kupereka kapuyo kwa mwamuna wake ndi manja ake.

Taganizani inu. Munthu ali ndi tiyi mapiri onsewa, fakitale ili kuseri kwa nyumba yake, koma akumwa maluwa. Amayi tonse amene tinamva tinangoyang'anana. Panalibe wofunika kumuuza kuti ameneyu ndi khuzumule, mankhwala aja ofewetsa mwamuna kuti azingokhala ngati mwana wa nkhosa. Wathu wachikuda ankavuta, ankafuna mchira wa buluzi ndi zina zimene sindingatchule pamaso pa Chikondi. Wa azungu anali waukhondo, wa maluwa, womwera m'kapu ya mbale yake.

Elube anayesa kutiuza kuti dona amati dzina lake ndi kamomila, ndipo amakagwiritsa ntchito zambiri. Mwana akamalira ndi m'mimba mofufuma ankamumwetsa pa sipuni. Akamamera mano ankamupaka m'nkhama. Maso akafiira ankaviika kansalu m'madzi ake ozizira n'kumupukuta. Chimfine chikavuta ankafunda nsalu n'kumakoka nthunzi yake, monga ife tichitira ndi masamba a bulugamu. Ankatsukiranso tsitsi lake kuti liziwala ngati ndevu za chimanga. Ife tinati inde, mkazi wochenjera amatero, mankhwala enieni amawabisa pakati pa ntchito zina. Kodi akanalemba pa botolo kuti khuzumule?

Ndinamupempha Elube misozi ili m'maso. Patapita masiku anabwera ndi timitu ta maluwa touma atatimanga pa mfundo ya mpango. Njere zake n'zazing'ono kuposa za fodya, ukayetsemula wataya munda wonse. Ndinafesa kuseri kwa bafa, pamene madzi osamba amatsikira, nyengo ya chiperoni itangoyamba, chifukwa kamomila sikakonda dzuwa la mwezi wa khumi. Kanamera ndi masamba onga nthenga za mwanapiye. Maluwa ake ndi oyera m'mbali, pakati pachikasu potukuka, ndipo ukawafikisa m'manja amanunkhira ngati udzu wongomweta wothira uchi. Umatchola mame atauma, mitu yokha, n'kuyanika pa lichero pamthunzi. Ukayanika padzuwa fungo limathawa, umatsala ndi zinyalala zonga zili m'kabokosi ka Tadalazi.

Tsiku loyamba ndinawiritsa madzi m'kam'phika kanga ka dothi. Ndinathira m'kapu ya chitsulo ija yobenthuka m'mphepete, n'kuwapatsa atangobwera kuntchito. Ndinati, "Imwani, ndi tiyi watsopano, akumuyesa kufakitale."

Ana inu, bodza lina limafuna manyazi. Kunamiza mwamuna wa ku Mulanje za tiyi! Munthu woti akanunkhiza tsamba ankakuuza munda umene lachokera. Anayang'ana madzi achikasuwo, ananunkhiza, anandiyang'ana ine nthawi yaitali. Kenaka anati, "Afakitale ayamba kufooka," n'kumwa yense. Ine mumtima ndinati wakodwa.

Sanasinthe tsiku limodzi. Mankhwala abwino sathamanga. Loweruka loyamba anapita ku masese koma anabwerako dzuwa lisanalowe. Lotsatira anati mwendo ukuwawa. Mvula isanagwe ndinawapeza kuseri kwa bafa atanyamula chitini chobowola pansi, akuthirira kamomila kanga ndi manja awo, chimodzimodzi Napolo. Ndinathamangira kwa Elube kukamuuza kuti dona uja ndi sing'anga weniweni. Ndipo ine ndinayambanso kugona, thupi n'kubwerera.

Chinsinsi chimene ndinauza Elube yekha chinafika ku Chinakanaka sabata isanathe. Amayi anayamba kubwera pakhomo panga ngati akudzapempha moto, potuluka atamanga njere pa mpango. Mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, posafuna kundipempha, anaona kuti maluwawo akufanana ndi a chisoso, ndiye anamwetsa mwamuna wake madzi a maluwa a chisoso mwezi wathunthu. Bamboyo ananenepa, n'kukwatira mkazi wachiwiri.

Kunena zoona, kwa anzangawo sizinayende monga kwa ine. Amuna awo ankamwa, n'kupukuta pakamwa, n'kupita kumowa monga kale. Koma poti maluwa anali atadzala kuseri kwa mabafa onse, amayi anayamba kuwagwiritsa ntchito zina zija tinkati n'zobisira. Makanda a m'mimba mofufuma anapeza mpumulo. Ana a maso a manthongo anayera. Agogo anga enieni, amene ankangokhulupirira mizu ya kwawo kutsidya, ankaviikamo mapazi otupa. M'mudzi monse ana anasiya kulira, amuna okha ndiwo anapitiriza kusokosa. Anthu anagamula kuti mankhwala ndi amodzi koma dzanja ndi langa, ndipo ndinayamba kuopedwa pang'ono, zimene sizinandiipire.

Amene analipira ndi agogo anu. Akamadutsa pa sikelo yoyezera masamba, amuna anzawo ankati, "Paseni njira mkamwini wa maluwa." Ana ankawaimba nyimbo. Alongo awo anayenda pansi kuchokera ku Muloza kudzandiloza chala, kuti ndawasandutsa mlongo wawo chitsiru, ndipo anabwera ndi muzu woti awasanzitse. Iwo anangoti, "Mlongo, ndili bwino," n'kulandira kapu yawo pamaso pa mlendoyo. Koma chimene sindiiwala ndi tsiku limene Wisikesi anaima pa mpanda, atavala malaya ake a Loweruka.

Anati, "Alamu, kumsika kwazizira. Ndikaponya mawu akungogwa pansi. Tiyeni, ngakhale chipanda chimodzi."

Agogo anu sanadzutse mutu. Anati, "Pitani alamu, ine ndikuthirira."

Wisikesi anaima kanthawi, akudikira kuti mwina pali nthabwala ikubwera kumapeto kwake. Itapanda kubwera anandiyang'ana ine, osati mwaukali, n'kutembenuka. Ine pamenepo ndinakondwa, ndisakunamizeni. Ndinati mbuzi yanga ndaimanga.

Nkhani ya mazira ija inayenda pang'onopang'ono ngati kamba, koma inafika kumene inkapita. Linali Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, pamene landirova inaima pansi pa mtengo wa mapeyala uli apowu. Munatuluka amuna awiri achilendo a nsapato zonyezimira, pamodzi ndi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu, bambo wina wonenepa amene tinkapemphera naye. Kumbuyo kwa galimotoyo ndinaona mutu wa munthu utawerama. Ndinauzindikira ndi kutalika kwa khosi.

Agogo anu anali pakhonde, miyendo atatambasula ngati mayi, lichero lili pamiyendo, akusankha maluwa ouma. Mmodzi wa alendowo anafunsa ngati iwo ndiwo Nakoma, amene amanyoza boma pa mowa pamodzi ndi uja ali m'galimotoyu. Falesi anandigwira chitenje.

Tcheyamani ndiye anayamba kuseka. Anati, "Bwana, uyu? Amene anakuuzani anasokoneza. Uyu mkazi wake anamudyetsa kalekale, Mulanje yense akudziwa. Kumowa sapondako. Taonani ntchito akugwirayo."

Mlendoyo anayandikira, n'kutola duwa limodzi m'lichero, n'kulinunkhiza. Anafunsa kuti, "Iwe, mwini nyumba ino ndani?"

Agogo anu anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Funsani mayiwa, bwana. Ine sindidziwa bwino."

Anaseka onse atatu, mpaka wina kugwira galimoto. Wamkuluyo anati munthu wotere kumutsekera n'kuwononga ufa wa boma, poti ali kale m'ndende. Wachiwiriyo anatsalira pang'ono, n'kundinong'oneza ngati ndingamupatseko njere za mlongo wake amene ali ndi mwamuna wovuta. Ndinamupatsa zodzaza dzanja, ndipo akanafuna akanatenga ndi lichero lomwe. Mpaka lero sindidziwa ngati tcheyamani uja ankatipulumutsa kapena ankangosangalala ndi manyazi a mnzake. Mwana wake wakhanda anali atachira m'mimba ndi maluwa a kuseri kwa bafa langa, koma munthu wa chipani sunkamufunsa za mumtima.

Galimoto inapita ndi Wisikesi. Sanabwerenso. Mkazi wake anadikira zaka, kenaka anabwerera kwawo ku Phalombe, ndipo maliro sitinalire chifukwa panalibe wotiuza kuti tilire. Madzulo a tsiku limenelo agogo anu anamwa kapu yawo monga mwa masiku onse.

Zaka zinapita. Napolo ndi dona wake anabwerera kwawo. Nkhondo ya kutsidya inatibweretsera abale othawa, tinagawana nawo makaka ndi kalongonda, ndipo ana awo otsegula m'mimba tinawamwetsa kamomila komweko. Ine ndinabereka ana ena, amayi ako Tadala, abambo ako Chikondi, ndi amalume anu aja a ku Joni. Onsewa anabadwa bambo wawo ali pakhomo, pamene ana a Wisikesi ankakula ndi dzina lokha. Ndinkayenda monyada ndithu. Ndinkati amayi ena amasunga amuna awo ndi ndiwo zokoma, ine ndinalanditsa wanga kukamwa kwa ng'ona.

Kenaka inafika nthawi ija tinavotera nyali, zipani n'kuchuluka ngati bowa. Anthu anayamba kulankhula paliponse, m'basi, pachigayo, ngakhale tcheyamani wathu uja anayamba kufotokoza mmene ankadanira ndi zakale. Ine ndinati ntchito yatha. Ndinazula kamomila konse kuseri kwa bafa, n'kubzalapo tomato. Madzulo ndinawapatsa agogo anu tiyi weniweni wa masamba, wakuda bii, ndipo ndinakhala pansi kudikira mwamuna wanga uja wa pakamwa kuti abwerere. Ndinali nditamusowa, ana inu. Nyumba yopanda phwete imatopetsa ngakhale muli mtendere.

Ndinadikira mpaka tomato anapsa. Munthu anali chete yemweyo. Mantha anandigwira kuti ndinapyola muyeso, mankhwala analowa m'mafupa. Tsiku lina akusenda chinangwa pakhonde ndinakhala pambali pawo, n'kuwauza zonse, za Elube, za dona, za khuzumule. Ndinati ngati akufuna tipite ku Muloza tikafune muzu uja wosanzitsa.

Anapitiriza kusenda. Kenaka anati, "Amake Falesi, che Saidi, khukhi uja, anandiuza sabata yoyamba yomwe. Napolo ankadwala mpweya wa m'mimba. Maluwa aja ndi a mpweya basi."

Ndinati, "Nanga kufatsa kuja pakhomo pake?"

"Nyumba ndi galimoto zinali za bambo ake a dona. Akanakalipira ndani?"

Ndinakhala ngati andithira madzi ozizira. Zaka zonsezo ndinkayenda ngati sing'anga, anthu akundipatsa njira. Ndinafunsa kuti, "Ndiye munkamweranji, anthu n'kumakusekani chotero?"

Anati, "Mantha ndinali nawo inenso. Koma mwamuna sangachoke pa mowa n'kunena kuti ndikuopa. Wodyetsedwa yekha ndiye safunsidwa." Anaponya chinangwa m'beseni. "Komanso ndinaona kuti ndikamwa ine, wogona tulo ndinu."

Sindinadziwe ngati ndiseke kapena ndilire, ndiye ndinakalipa. Ndinati chabwino, mwandipusitsa, mwapambana. Tsono poti simunadyetsedwe, ndipo landirova zija zinapita, lankhulani. Tsanzirani tcheyamani, nenani za mazira, nenani chilichonse, dziko lamasuka.

Agogo anu anayang'ana kumpanda, pamene anaima Wisikesi tsiku lija, mpeni uli m'manja. Anati, "Ndikaponya, awakhe ndani? Ndinamuuza kuti ndikuthirira."

Anatola chinangwa china n'kuyamba kusenda. Ine ndinalowa m'nyumba, ndipo sindinawapemphenso kuti alankhule mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.